Mabotolo amasiye m'malabu athu: kaundula wake apite pa intaneti

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga pa tsamba la makalatali ndidandaulepo za nkhani imene sitimaimva pa wailesi olo ku nyumba ya malamulo, mwina poti siinaphe anthu pagulu. Ndikunena za makemikolo oopsa amene angoti mbwee m'malabu muno mu Lilongwe, m'zipatala, m'makoleji, m'malo a kafukufuku wa zaulimi, m'mafakitale a ku Kanengo, mpaka m'masukulu a sekondale. Funso langa ndi ili: moto utabuka usiku wa lero mu labu ina iliyonse mumzinda muno, alipo munthu amene angaime pageti n'kuuza ozimitsa moto asanalowe kuti mkatimo muli zakutizakuti, zochuluka chonchi, zili m'kabati yakuti? Ine ntchito yanga ndi ya mu labu ndipo anzanga ambiri ali m'malabu enanso, nde ndikamati malo ambiri yankho ndi ayi sindikuyankhula zongomva. Alipo malabu ochepa amene zinthu zili m'malo mwake, makamaka aja amayenderedwa ndi ma auditor a ISO 15189 kapena 17025, miyezo ya padziko lonse ya kayendetsedwe ka malabu, koma enafe tikudalira mutu wa munthu mmodzi ndi kabuku ka hadikava.

Mmene zimakhalira ndi chonchi. Katundu akabwera amalembedwa mu leja ya ku stores, ndipo zimene amalembazo ndi zofuna a akawunti, dzina, mtengo, mabotolo angati, wasainira ndani. Botolo likangotuluka ku stores kupita pa benchi basi m'bukumo nkhani yake yatha. Koma botololo silinathe ayi, lili penapake, latsegulidwa, agwiritsako pang'ono, mwina mwana wa pa attachment waliika pansi pa sinki ndipo likhala pamenepo zaka. Ena anayesako Excel, koma Excel yake ili pa laputopu ya munthu mmodzi, munthuyo akapita kusukulu kunja, akasamutsidwa kapena akapuma pantchito ndandanda yapita naye. Zoipitsitsa ndi za mapulojekiti. Pulojekiti ikabwera imagula makemikolo ambirimbiri kamodzin'kamodzi poopa kuti oda ina idzachedwa pa boda, nde ikatha zaka zake, galimoto ndi makompyuta zimapeza ozilandira, handover yosainirana bwinobwino ndi zithunzi zomwe, koma mabotolo palibe amawafuna. Amangotsala amasiye.

Pafupifupi labu iliyonse yakale ili ndi kachipinda kakuseri kumene amasiyewa amatayidwa. Kena kamene ndinalowamo kanali kamalata opanda siling'i, fungo lolasa m'mphuno, mashelefu achitsulo atachita dzimbiri lokhalokha chifukwa cha nthunzi ya asidi, malebulo ena atayoyoka ena atadyedwa ndi mphemvu, botolo lina lolembedwa ndi maka kuti "Soln B" ndi deti lopanda chaka. Kumbuyo kwenikweni kwa shelefu yapansi kunali botolo la picric acid, louma gwa, timibulu tachikasu titamera mozungulira chitsekerero. Munthu wosadziwa angalinyamule, kulipukuta fumbi, kulitsegula kuti aone ngati mudakali kanthu. Chonsecho picric acid amagulitsidwa wonyowa, madzi osachepera 30 peresenti, chifukwa akauma amasanduka bomba lenileni, kuligwetsa kapena kungopotokola chitsekerero chokha likhoza kuphulika, makamaka ngati chitsekererocho ndi chachitsulo. Ndipo si mankhwala achilendo iyayi, malabu a zipatala amawagwiritsa ntchito poyeza creatinine kuti aone mmene impso zikuyendera. Botolo limenelo silinali m'buku lina lililonse ndipo onse ogwira ntchito pamenepo analipeza lilipo kale.

Apa mpamene mabwana ambiri samvetsa. Amaona ngati kemikolo ili ngati sitepula kapena mpando, ukaisiya m'kabati udzaipeza mmene unaisiyira. Ayi ndithu, zina zimaipiraipira zili chikhalire. Diethyl ether ikatsegulidwa n'kumakumana ndi mpweya imapanga ma peroxide amene amaphulika, n'chifukwa chake malangizo ambiri amati ikatha miyezi 12 chitsegulire iyezedwe kapena itayidwe, tsono udziwa bwanji miyezi 12 yakwana ngati palibe analemba tsiku lotsegula? Ether yomweyo imawira pa madigiri pafupifupi 35, ganizirani kachipinda kamalata kaja mu Okotobala dzuwa lili pamutu. Wina pofuna kuthandiza amaiika mu fuliji wamba ngati ya kunyumba, osadziwa kuti kasiwichi ka m'fulijimo kakathetheka kamoto basi chitseko chauluka. M'masukulu muli sodium, kachitsulo kofewa kaja kamasungidwa m'mafuta, mafutawo akauma kapena botolo likasweka ndiye wina athirepo madzi moto umabuka pompo, ndipo ozimitsa moto chida chawo choyamba ndi madzi omwewo. Sodium azide akamathiridwa mu sinki amagwirana ndi kopa kapena mtovu wa m'mapaipi n'kupanga zophulika zimene zimadikirira pulambala. M'malabu oyeza viral load muli madzi otsalira okhala ndi guanidinium thiocyanate, amenewo akakumana ndi bulichi amatulutsa mpweya wa poizoni kuphatikizapo cyanide, ndiye taganizani chizolowezi chathu m'zipatala choti chilichonse chatayika timathira klorini. Amayi okolopa amene amabwera 6 koloko m'mawa ife tisanafike anauzidwa ndi ndani zimenezi?

Nde ndikamati kaundula apite pa intaneti sindikunena zachizungu zongofuna kuoneka otsogola. Mapulogalamu a ntchito imeneyi alipo, ena ngati ChemInventory ndi Quartzy amagwira pa browser basi osafuna kuika chilichonse pa kompyuta, ndipo mfundo yake ndi yosavuta: botolo lililonse palokha limakhala ndi mzere wakewake, osati kungolemba kuti methanol alipo malita 10. Botolo likafika mumalimata kasitika ka barcode kapena QR, mumasikana ndi foni, mumalemba kuti lili nyumba iti, chipinda chiti, kabati iti, shelefu iti, mwini wake ndani, labwera liti, latsegulidwa liti, litha ntchito liti. Dzina mumaligwirizanitsa ndi nambala ya CAS, imene kemikolo iliyonse ili nayo yakeyake dziko lonse lapansi, chifukwa wina alemba caustic soda, wina sodium hydroxide, wina NaOH, mu leja zimaoneka ngati zinthu zitatu pamene zonse ndi 1310-73-2. Methanol ndi 67-56-1, ethanol ndi 64-17-5, m'maso ndi madzi ofanana koma woyambayo munthu akamwa amachita khungu kapena kufa kumene, ndipo tisanamizane, spirit m'malabu amasowa ndipo tikudziwa kumene amapita.

Pulogalamu ikadziwa zimenezi imachita zimene buku silingachite. Imakutumizira uthenga kuti ether wa m'kabati yachiwiri watsala mwezi umodzi. Imakuchenjeza ukafuna kuika nitric acid shelefu imodzi ndi acetone kapena acetic acid, zimene zimachitika kwambiri chifukwa anthu amakonda kundanda mabotolo motsata afabeti kapena amangoti asidi ndi asidi apite pamodzi. Imakuwerengera kuti m'chipinda chimodzi muli malita angati a zoyaka moto. Imasunga mbiri yoti wasintha nambala ndi ndani ndipo liti, nde zija zofufuta ndi Tipp-Ex zimatha. Ndipo botolo lililonse limalumikizidwa ndi SDS yake (Safety Data Sheet), chipepala chija chofotokoza kuopsa ndi kasamalidwe ka kemikolo, cha magawo 16, pamene gawo 4 limanena za chithandizo choyamba, 5 kuzimitsa moto, 6 zikatayika, 7 kasungidwe, 10 zimene siziyenera kukumana nazo, 13 katayidwe. Malabu ambiri ma SDS ali nawo mu fayilo yaikulu imene imatulutsidwa tsiku la audit lokha, yokhomeredwa mu ofesi ya bwana, koma munthu phenol itamuthirikira pamkono alibe nthawi yosaka kiyi. Pa foni ndi kusikana botolo basi zonse zatuluka, pamodzi ndi zizindikiro za GHS zija za United Nations, tizithunzi 9 ta m'mphepete mofiira, ta moto, chigaza, bomba, nsomba yakufa ndi tina, zimene buku lake loyamba linatuluka mu 2003 koma mpaka pano tili ndi mabotolo a zizindikiro zakale zalalanje chifukwa ndi akale kuposa pamenepo kapena anachokera kumene sanasinthe msanga.

Wina anena kuti zonsezi Excel ikhoza kuchita. Zina inde. Koma Excel imabereka ana, ina pa flash, ina pa imelo, ina yolembedwa final ina final yeniyeni, palibe akudziwa yoona ndi iti, ndipo kompyuta ikapsa limodzi ndi labu ndandanda yapsanso. Ubwino wa pa intaneti ndi woti kaundula ndi mmodzi, aliyense wololedwa akuona chimodzimodzi, ndipo ali kunja kwa nyumba imene ikuyakayo. Munthu atha kukhala ku Area 25 pakati pausiku, mlonda wamuimbira, iye n'kutsegula pa foni n'kuuza ozimitsa moto kuti chipinda chakumanzere musathire madzi.

Pali nkhani ya ndalamanso, imene ndikudziwa kuti ndi imene mabwana angamve msanga. Pafupifupi makemikolo onsewa timaitanitsa kunja ndi madola amene akusowawa, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya ma reagent siikambika. Koma m'bungwe limodzi lomwelo dipatimenti ina imadikira miyezi kuti potassium dichromate abwere pamene dipatimenti yoyandikana nayo ili ndi mabotolo osatsegula amene akudikira kutha ntchito, chifukwa chabe palibe akuona shelefu ya mnzake. Panopa timabwerekana kale kudzera m'magulu a WhatsApp, wina amangolemba kuti amene ali ndi xylene andithandizeko theka la lita ndidzabweza, botolo limakwera kabaza kudutsa mutauni popanda pepala lililonse. Kubwerekanako sindikutsutsa, ndi kumene kumatipulumutsa, koma kukanakhala kolembedwa, koonekera. Mayi wa hokala amadziwa kuti shuga watsala mapaketi angati asanakaode ku tauni, ife a madigiri tikuoda zinthu za mamiliyoni mongoganizira.

Zovuta ndikuzidziwa, ndimakhala konkuno. Magetsi amathima, netiweki imagwa, bandulo ndi yodula, ndipo mapulogalamu akunjawa ambiri amalipiritsa chaka ndi chaka m'madola, nde pulojekiti imene imalipira ikatha tidzapezeka tatsekeredwa kunja kwa data yathu yomwe. Chifukwa chake posankha pulogalamu funso loyamba lisakhale kukongola kwake koma loti kodi tingathe kutulutsa data yonse n'kuisunga tokha, ndipo kodi foni ingasikane popanda netiweki n'kudzatumiza pambuyo. Komanso mwezi uliwonse ndandanda ya zoopsa kwambiri isindikizidwe papepala, kope imodzi ikhale kunja kwa labu, kwa alonda pageti mu envelopu yomata. Labu yaing'ono kapena sukulu ikhoza kuyamba ndi Google Sheets yogawana anthu angapo, bola mizati yake ikhale yoyenera, ndipo zambiri za kemikolo iliyonse zili pa tsamba la pa intaneti la PubChem mwaulere, pamene tsamba la CAMEO Chemicals la bungwe la NOAA la ku America limakuuza chimene chingachitike ukasakaniza ziwiri, laulerenso. Ndipo tisadzichepetse ngati barcode ndi zachilendo kuno. Tisitika tija timamatidwa pa mabuku a kuchipatala tinayambira muno mu Lilongwe ndi a Baobab Health kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa kale ntchito DHIS2 ndi OpenLMIS polondola malipoti ndi mankhwala a odwala, ndipo achinyamata odziwa kulemba mapulogalamu akutuluka ku MUBAS, MUST ndi UNIMA chaka chilichonse, ambiri akungoyenda ndi maenvelopu. Ngati timatha kulondola mapilitsi mpaka ku health centre ya kumudzi, botolo la cyanide lingatikanike bwanji?

Chinthu china choyenera kusamala ndi choti ndandanda yotereyi isakhale poyera kwa aliyense. Muli asidi amene anthu oipa mtima amathira anzawo kumaso, muli potassium permanganate ndi acetic anhydride zimene zili pa ndandanda ya pangano la United Nations la 1988 chifukwa zimagwiritsidwa ntchito popanga mankhwala ozunguza bongo. Nde aliyense akhale ndi akawunti yakeyake, wina wongoona, wina wosintha, osati pasiwedi imodzi yolembedwa pa kapepala komata pa monita, komanso osati pasiwedi ya admin ikhale m'mutu mwa munthu mmodzi chifukwa tikatero tabwerera komwe kuja.

Tsono pano ndiyankhule ndi anzanga a m'malabu, chifukwa kompyuta simayenda kupita pa shelefu. Pulogalamu imadziwa zokhazo zimene tailembera. Botolo likatha osalichotsa mu system lidzaonekabe kuti lilipo, likasamuka chipinda osasikana lidzaonekabe kwakale, ndipo ndandanda yabodza ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo chifukwa anthu amaikhulupirira. Ntchito yowawa ndi yoyamba ija, kutulutsa botolo lililonse, kuwerenga lebulo, kulemba, kumata sitika, mutavala magolovesi ndi magalasi, anthu awiri osati mmodzi, ndipo zokayikitsa ngati picric acid wouma kapena ether wakalekale osazigwira n'komwe, kungojambula chithunzi zili pomwepo, kutseka chitseko n'kukanena. Ikatha imeneyo pamafunika lamulo limodzi lolimba: palibe botolo lolowa mu labu lopanda sitika ndipo palibe botolo lopanda dzina la mwini wake, munthu asasainiridwe clearance yochoka pantchito kapena yomaliza maphunziro asanapereke mabotolo ake kwa wina. Kamodzi kapena kawiri pachaka kuyenda ndi foni shelefu ndi shelefu kufananiza. Ndipo chonde mabwana, maphunziro ake asakachitikire ku Mponela kapena kunyanja ku Salima kumene kumapita anthu a ma allowance amene sanagwirepo pipette, achitikire mu labu momwemo, a ku stores, ma lab attendant ndi okolopa alipo, chifukwa amene amanyamula mabotolowo ndi iwowo.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi ichi. Tinene kuti talemba zonse, pulogalamu yaonetsa mofiira kuti mabotolo awa ndi awa anatha ntchito kalekale. Kenako tipite nawo kuti? Apa mpamene ambiri amagwa ulesi ndipo ena amasankha dala kusalemba, chifukwa ukalemba wadziitanira ntchito yopanda bajeti. Katundu wa boma kuti atayidwe pamafunika komiti, makalata, kudikira, ndiye potopa wina amangotsegula mpopi n'kukhuthulira mu sinki Lachisanu madzulo. Za mu sinkizo ngati malowo ali pa sewer zikuthera ku maiwe a ku Kauma amene anapangidwira zonyansa za m'nyumba osati chromium kapena mercury, ngati ali pa septic tank zikulowa pansi pomwe anthu oyandikana nawo akumba zitsime. Ena amaponya mu incinerator ya chipatala, pamene mercury ukamuotcha sapsa, amangouluka n'kupumidwa ndi anthu omwewo. Ena amaika mu bini n'kukathera kumtaya kumene ana amatola mabotolo okagulitsa. Kumbukirani za ku Beirut pa 4 Ogasiti 2020, matani pafupifupi 2,750 a ammonium nitrate amene anakhala m'nyumba yosungira katundu padoko zaka pafupifupi 6, anthu oposa 200 anafa. Kumeneko sikuti akuluakulu sankadziwa, makalata ochenjeza analembedwa kangapo, chimene chinasowa ndi munthu woti achotse. Zathuzi ndi zochepa poyerekeza, koma khalidwe lake ndi lomwelo.

Malamulo tili nawo. Pali Environment Management Act ya 2017 imene inakhazikitsa MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, pali Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997 imene imaika udindo wa chitetezo cha ogwira ntchito pa olemba ntchito. Pempho langa kwa a MEPA, Unduna wa Zantchito, wa Zaumoyo ndi wa Zamaphunziro ndi loti labu iliyonse izikakamizidwa kukhala ndi kaundula wamoyo wotere ndi kutumiza chidule chake chaka chilichonse, ndipo a khonsolo ya mzinda apatsidwe mbali yokhudza ozimitsa moto kuti azidziwiratu nyumba zimene sayenera kulowa ndi payipi ya madzi. Phindu lake lalikulu ndi loti ndandanda zonse zikaphatikizidwa, boma lidzadziwa kuti mu Lilongwe monse muli makilogalamu angati a zotha ntchito ndipo ndi za mtundu wanji, nde likhoza kupanga ulendo umodzi wotolera, kampani imodzi yovomerezeka, mtengo wogawana, m'malo moti sukulu iliyonse izidzionera yokha ndi mabotolo asanu amene palibe kampani ingabwerere. Ma donor nawonso pulojekiti isamavomerezedwe popanda mzere wa ndalama zotayira zotsala. Ndipo ulendo woyambawo ukhale wopanda chilango, aliyense atulutse zimene ali nazo osaopa kufunsidwa kuti zinabwera bwanji, apo ayi anthu adzabisa ndipo zidzathera mu sinki usiku woti mawa lake kukubwera oyendera.

Kwa aphunzitsi aakulu a m'masekondale, nyengo ya mapulakitiko a MSCE ikamayandikira musamatume ana a Fomu 1 kukasesa ndi kusuntha mabotolo mu kachipinda ka makemikolo ngati chibalo cha ochedwa. Mphunzitsi wa sayansi ayambe walowa yekha ndi foni, ajambule lebulo iliyonse, alembe, ndipo zimene sakuzidziwa afunse kwa anthu a labu a ku koleji kapena chipatala chapafupi asanazikhudze.

Ndine wanu,
Wogwira ntchito mu labu,
Area 25, Lilongwe